Anasopo ndi Chakudya cha Foromani

Dzina loti Anasopo anawapatsa ndi anzawo a kukhitchini ya chipatala, ndipo linawamatirira moti ngakhale ana awo obereka okha ankawatchula choncho akatembenuka. Anagwira ntchito kumeneko zaka makumi atatu ndi chimodzi. Musawayese wophika wamba wa mapoto akuluakulu aja odyetsa wodi yonse, ayi. Iwo anali ndi kangodya kawokawo pafupi ndi windo, pomwe ankaphikira odwala oletsedwa zakudya: a shuga, a impso, a mtima, ndi amene angotuluka kumene ku opaleshoni. Pepala likabwera kuchokera kwa dokotala kuti wa pa bedi lakuti asalawe mchere, nkhani ya mchere inkathera pomwepo. Wodwala alire, atukwane, atume mkazi wake kudzachonderera, Anasopo ankangoti, "Munthu sachira ndi zokoma," n'kubwerera kukakwecha poto.

Kukwechako ndiye musanene. Mayi ameneyu ankayamba watsuka sopo asanasambe naye m'manja. Sindikukokomeza, anthu anaona ndi maso awo. Wophika mnzawo akakanda m'mutu, tsiku lonse sankaloledwa kuyandikira ngodya ija. Ntchentche ikalowa, ntchito inkaima mpaka maliro ake atachitika. Pa zaka zonsezo palibe wodwala anatsegula m'mimba chifukwa cha mbale yochokera m'manja mwawo, ndipo izi ankazinena pena paliponse, ngakhale pamene sanafunsidwe.

Anthu ankaseka, koma ndi ochepa ankadziwa kumene zinachokera. Amayi awo anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba Anasopo ali ndi zaka khumi ndi zitatu, mng'ono wawo akadali woyamwa chala. Namwino amene anabwera kudzathira mankhwala m'nyumbamo anasuzumira m'ndowa ya madzi akumwa n'kunena liwu limodzi lokha: "Uve." Liwu limenelo mtsikanayo analimeza, ndipo silinatulukenso. Anamulera yekha mng'ono wakeyo, kumusambitsa mpaka khungu kuwawa, kumusankhira chodya, chovala, ndi anzake osewera nawo. Mwanayo anakuladi wamoyo, ndipo Anasopo anatengapo phunziro loti iwo akagwira chinthu sichifa, bola chiwamvere.

Atapuma pa ntchito, ukhondo wonse uja anabwera nawo kunyumba, poti analibe kwina kousiya. Nyumba yawo inali ya pansi, ya zipinda ziwiri zogona ndi kakhonde koyang'ana kumsewu. Amuna awo anali atamwalira kale. Ana awo aamuna awiri anakwatira n'kukakhala kutali, ndipo apongozi akabwera kudzacheza ankakhala m'mphepete mwa mpando, manja pamiyendo, ngati ali pa mlandu. Adzukulu ankapatsidwa mabisiketi panja, kuti nyenyeswa zigwere nyerere osati kapeti. Mwana ndi mwana, sabwerera kumene amam'pukuta mapazi asanam'patse moni. Alendo anayamba kuchepa, kenako anatheratu. Nyumba inali mbee, pansi pakuchita kuwala, koma masana onse munkangomveka wotchi ya pakhoma. Anasopo ankasungulumwa koopsa, ndipo sakanavomera zimenezo ngakhale mutawaika mpeni pakhosi.

Munthu yekhayo amene sanatope nawo anali mng'ono wawo uja, amene tsopano anali telala wa madiresi. Ankakhala m'kachipinda kam'mwamba pa sitolo yogulitsa misomali ndi penti, kokwera masitepe makumi awiri ndi anayi. Awiriwa anayamwa bere limodzi, koma mukanawaona mukanatsutsa. Kwa telala kunali zidutswa za nsalu mpaka pa chitofu, ulusi m'shuga, mapini obayidwa pa sopo, makapu a tiyi wa dzana pa windo. Ndipo pakati pa zonsezo, pa tebulo lodulira nsalu, pankagona mphaka wamphongo wonenepa, wotuwa, wa khutu limodzi long'ambika. Telala anamutcha Foromani, chifukwa ntchito yake inali kuyang'ana ena akugwira ntchito.

Anasopo ankapitako Lamlungu lililonse, koma ankacheza chiimirire, chikwama chili m'khwapa. Tiyi wa kumeneko anasiya kumwa tsiku limene anavuula ubweya m'kapu.

"Chinyama choti chimadzinyambita kumbuyo, iwe n'kumachipsompsona pamphuno!" ankatero.

Telala ankangoseka, mapini ali kukamwa. "Achemwali, uyu amasamba kuposa inu."

Tsiku lina telala anaterereka pa masitepe aja atanyamula simbi, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Madokotala anati opaleshoni, masabata asanu ndi limodzi m'chipatala, ndipo akatuluka za masitepe aiwale. Njira zinali ziwiri. Mwana wake wamkazi, amene ankagwira ntchito mumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, anati amayi ake apite akakhale naye. Koma mwini nyumba kumeneko sankalola chiweto chilichonse, ngakhale nsomba ya m'botolo. Njira inayo inali kwa Anasopo, kopanda sitepe, kokhala ndi chipinda chongokhala.

Anasopo mtima unadumpha. Sabata yomweyo anaitana wopenta, anagula nsalu yatsopano yoyala pabedi, anasuntha kabati kuti makina osokera adzakwane pafupi ndi windo. Anali atayamba kale kumva m'makutu phokoso la makinawo m'nyumba mwawo.

"Ndibwera kwanu, achemwali," anatero telala ali gone pabedi la m'chipatala, "koma sindibwera ndekha."

"Usanditchulire chinthu chija."

"Ndachitchula kale. Mumusunge Foromani masabata amene ndili muno. Mukakhalitsana ndi iyeyo, ndiye kuti ine ndi inu tikhalitsananso. Zikakanika ndipita kwa mwana."

Anasopo anatsonya, anayang'ana kudenga, kenako anati, "Abwere."

Mawa lake mwana wa telala anafika ndi dengu lotseka momwe munkalira Foromani, beseni la mchenga lodzithandiziramo, katoni ya zitini, ndi thumba la timibulu touma. Anapereka pepala la malangizo ochokera kwa amayi ake: theka la chitini m'mawa, theka madzulo, timibulu kadzanja kamodzi masana, madzi asasowe. "Amayi aakulu, musamupatse china chilichonse, wazolowera zomwezi," anatero, n'kuthamangira basi yobwerera kuntchito.

Madzulo amenewo Anasopo anavala apuloni ndi magolovesi, n'kutsegula chitini choyamba. Mayo ine! Fungo linatuluka mmenemo guu, la nsomba yoti yaswera padzuwa, losakanikirana ndi la chiwindi ndi china chake chimene mphuno yawo sinachidziwe. Mkati munali phala labulauni, lonyezimira, lozunguliridwa ndi zoterera zonjenjemera ngati mamina. Atapendeketsa chitinicho, chinthucho chinatsika chonse pamodzi n'kugwera m'mbale kuti phwa, chikadali ndi mizere ya chitini m'mbali. Malovu anawadzaza m'kamwa. Anathamangira pakhonde kukapuma, ndipo pobwerera anapeza Foromani atalowetsa nkhope yonse m'mbalemo, akudya mochita kung'ung'udza, ndevu zili noninoni.

Anatenga magalasi n'kuwerenga timalemba ta pachitini. Panalembedwa kuti muli nyama ndi zina zochokera ku nyama. "Zina zake ziti?" anafunsa khitchini yopanda munthu. Munthu amene wakhala moyo wake wonse pafupi ndi mpeni amadziwa zimene zimatsala nyama ikatha: milomo, mapapo, mitsempha, zam'mimba zosatsuka bwino. Ndani anaziphika? Anasamba m'manja? Zakhala miyezi ingati m'chitinimo? Timibulu tija atatitsanula tinkangooneka ngati ndowe za mbuzi, fungo lakenso lomwelo la nsomba yakale. Ndipo Foromani atakhuta anakwera pampando, anayasamula, mpweya wa m'kamwa mwake n'kukawapeza Anasopo ali kutsidya kwa tebulo.

Anamuyang'ana ndi diso la ntchito. Mimba yolendewera, m'kamwa monunkha, kugona usana wonse. Uyu sanali mphaka wabwinobwino, anali wodwala, ndipo amene anam'dwalitsa ndi mng'ono wawo ndi zonyansa zam'zitinizi. Odwala otere iwo anawongola mazanamazana. Telala akadzatuluka adzapeza mphaka wopepuka, wosanunkha, ndipo adzavomera yekha kuti achemwali ake amadziwa kusamala. M'mawa mwake katoni yonse ndi thumba lija anazikulunga m'mapulasitiki awiri n'kukaziponya m'bini ya kumsewu. Sanafunse munthu. Akanafunsa ndani, poti pa nkhani ya chakudya cha odwala ofunsidwa anali iwowo? Paja safunsa anadya phula.

Foromani anaikidwa pa ndondomeko. M'mawa mpunga wowiritsa ndi karoti wosinja, masana kabichi wofewa, madzulo mbatatesi yophwanya ndi kamkaka kofunda. Mchere ayi, mafuta ayi, nyama ayi kufikira mimba itaphwa. Mbale yake inkathiridwa madzi owira katatu patsiku. Mphakayo ananunkhiza mpunga uja, anawayang'ana Anasopo, n'kuyamba kupalasa pansi pambali pa mbaleyo monga amachitira akamakwirira chimbudzi chake.

"Nyoza," anatero Anasopo. "Ndaona anthu a matayi akukana mbale yanga. Tsiku lachitatu ankanyambita supuni."

Masiku awiri Foromani anangomwa mkaka, ndipo mkakawo unam'tsegula m'mimba. Zimene Anasopo ankapeza mu mchenga uja m'mawa sindingazifotokoze kwa munthu amene akufuna kudya lero. Ankamanga mpango kumphuno, kutaya, kukwecha, kuthira mankhwala, kusamba mpaka m'zigongono, kenako n'kupeza zina kuseri kwa firiji. Ubweya unali paliponse, pa makatani, m'sinki, pa nsalu yatsopano ija. Tsiku lina anaponda ndi phazi lopanda nsapato chinthu chofunda, chonyowa, chimene mphakayo anasanza pakhomo la bafa, ndipo anakuwa moti a nyumba yoyandikana anabwera kudzagogoda.

Pamenepo anatulutsa chida chawo chachikulu. Kuchipatala, wodwala woletsedwa mchere akakana kudya, Anasopo ankam'gonjetsa ndi msuzi wa anyezi. Ankawiritsa chidale cha nkhuku ndi anyezi wambiri ndi adyo, n'kuvuula nyamayo, anyezi uja n'kumusinja mpaka asungunuke m'madzimo. Msuzi umenewo unadzutsa anthu amene abale awo anali atayamba kale kunong'onezana za bokosi. Anauphika, nyamayo anasungira telala, msuziwo n'kuthira pa mpunga wa Foromani. Mphaka wanjala anamva kafungo ka nkhuku, ananyambita, anabwereza, mbale n'kuyera. Anasopo anaomba m'manja okhaokha m'khitchini. Kuyambira tsiku limenelo msuzi unali m'mawa ndi madzulo, ndipo poti m'mimba munkavutabe, anawonjezera adyo kuti aphe tizilombo.

Kuchipatala ankapita masana alionse. Telala, asanayankhe n'komwe moni, ankafunsa za mphaka wake.

"Akudya?"

"Akudya, mbale ikumayera. Chimimba chija chayamba kuphwa."

"Zitini zikwana mpaka ndituluke?"

"Zikwana," ankatero Anasopo, akukonza pilo wokonzakonza kale. Bodza limenelo linkawawawa pang'ono, koma ankadzitonthoza kuti ndi bodza la mankhwala.

Chimimba chinaphwadi. Kenako kunaphwa ndi kwina komwe. Pofika sabata yachitatu Foromani anasiya kukwera pampando, ndipo Anasopo anati waphunzira ulemu. Anasiya kudzinyambita, iwo anati wayamba manyazi. Koma Lachinayi lina m'mawa anapeza mu mchenga muli mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, mbale ya dzulo isanakhudzidwe, mwini wake atagona pansi pa sinki, akupuma mothamanga, kukamwa kuli yasa. Atamuitana anangotsegula diso limodzi. Kupuma kotero Anasopo anakuonapo m'mawodi, ndipo ankadziwa kumene kumathera. Anam'nyamula ndi thaulo, ndipo kupepuka kwake kunawaopsa kuposa china chilichonse.

Dokotala wa ziweto anali mtsikana woti kwa Anasopo ndi mwana wa dzulodzuloli. Anakweza mlomo wa Foromani ndi chala. Nkhama zimene zimayenera kukhala zofiira zinali zoyera ngati pepala.

"Amadya chiyani, mayi?"

Apa Anasopo anawongola msana. Anayala ndondomeko yonse, mpunga, karoti, kabichi, madzi owira otsukira mbale, ndipo dokotala ankalemba osadzutsa mutu. Atafika pa msuzi, cholembera chinaima.

"Mwati anyezi?"

"Ndi adyo. Wosinja bwinobwino."

"Masiku angati?"

"Akwana masabata awiri ndi theka. Kawiri patsiku."

Dokotala anaika cholembera pansi. "Mayi, anyezi ndi adyo kwa mphaka ndi poizoni. Zimaphwanya magazi. Mkodzo wofiira mwauonawo ndi magazi ake amene akutha. Mkakanso amphaka ambiri umawatsegula m'mimba. Ndipo mphaka sangakhale moyo ndi mpunga ndi kabichi, thupi lake limafuna nyama."

"Mwana iwe, ine ndadyetsa odwala iwe usanabadwe. Palibe ndi mmodzi yemwe..."

"Anthu, mayi. Munkadyetsa anthu." Sanakweze mawu. "Kwawo ankadya chiyani?"

"Zam'zitini. Zonunkha."

"Zili kuti?"

Anasopo anayang'ana nsapato zawo.

Foromani anagonekedwa masiku atatu. Anam'meta mwendo wakutsogolo n'kumuika diripi, ndipo dokotala sanalonjeze kanthu. Masiku atatu amenewo Anasopo anakwecha nyumba yonse kawiri, poti manja awo sankadziwa china chochita ndi mantha. Ankalowa m'chipinda chopentedwa chija n'kutulukamo, kulowa n'kutulukamo. Kuchipatala cha anthu anapitabe, ndipo atafunsidwa anayankha kuti akudya. Ulendo uno bodzalo linawatsamwa, moti anatuluka msanga ponamizira mutu.

Tsiku lachinayi anam'tenga wamoyo koma wofooka, pamodzi ndi zitini zisanu ndi chimodzi, ndi malangizo amene anawamva ngati chilango. Chakudyacho azichifunditsa pang'ono kuti fungo likwere, chifukwa mphaka wodwala amadya ndi mphuno. Azim'patsa pang'onopang'ono, maola atatu alionse. Akakana m'mbale, azim'paka pamlomo ndi chala.

"Kuchifunditsa?" anatero Anasopo. "Chinthu chonunkha kale chija?"

Anachifunditsa. Khitchini yonse inanunkha, makatani ananunkha, ngakhale buledi wa m'kabati anamveka nsomba. Foromani m'mbale anakana. Anasopo anavala golovesi, anatapa, anamuyandikizira. Mphakayo ananunkhiza mphira ndi mankhwala otsukira, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Anayesa supuni, anayesa kamtengo, osatheka. Anakhala pansi m'khitchinimo, mayi woti zaka makumi asanu ndi limodzi anazidutsa kale, akuyang'ana chitini, akuyang'ana mphaka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anavula golovesi ija, anatseka maso, n'kupisa chala m'phala lofunda lija mpaka linalowa m'chikhadabo.

Anadzuka, anasanza m'sinki, anachukucha m'kamwa, n'kubwerera pansi paja chala chikadali m'mwamba. Anapaka pa mlomo wa Foromani. Lilime linatuluka, lokhakhala ngati sandipepa, linanyambita kamodzi, linaima, linanyambitanso.

"Idya, chinthu chonyansa iwe," ankatero misozi ikutsika. "Idya. Ukafa wandilanda mng'ono wanga."

Anatero masiku asanu ndi anayi, ndipo palibe tsiku limene nseru inawaleka. Dokotala atalola kuti aziwonjezerako mitima ndi nthutumba za nkhuku zowiritsa zopanda chilichonse, anapita kwa wogulitsa nyama wa pakona, bambo amene kwa zaka zambiri ankamuyendera zikhadabo asanagule kanthu.

"Mitima ndi nthutumba? Inuyo, mayi? Kodi kunja kwacha bwino?" anatero bamboyo akupukuta manja pa apuloni yamagazi. "Si paja munati zimenezi n'zotaya?"

"Yezani, musandilalikire."

Kunyumba ankazitumbula okha, kufinya timagazi toundana, kuchotsa mafuta achikasu, mutu atautembenuzira kumbali.

Zitini za dokotala zitatha, anayenera kukasankha okha kusitolo yaikulu. Anaima theka la ola kutsogolo kwa shelefu ya zakudya za amphaka, magalasi ali pamphuno, kapepala ka dokotala kali m'manja. Kapepalako kankati asankhe cholembedwa kuti ndi chakudya chokwanira cha mphaka wamkulu, chimene nyama yatchulidwa poyambirira, ndipo asatenge cha agalu ngakhale chitchipe bwanji. Koma abale, mitundu yake! Cha nkhuku, cha ng'ombe, cha nsomba, cha m'zoterera, cha mumsuzi, cha amphaka okalamba, cha amphaka osatuluka panja. Anthu akugona ndi njala, mphaka ali ndi shelefu yakeyake! Anasopo anasankha chitini chokhala ndi chithunzi cha mphaka woyera, waukhondo, wovala kabelu, chimene atachitsegula sichinanunkhe kwambiri. Foromani anachinunkhiza n'kuchokapo. Anabwerera kusitolo n'kutenga mitundu inayi kuti mwini wake asankhe yekha, anandandalika timbale tinayi, n'kuima patali. Mphakayo anadutsa cha nkhuku, anadutsa cha ng'ombe, n'kukaima pa cha nsomba, chakuda, chamafuta, chimene fungo lake linkakanirira m'zovala mpaka mawa. Chimenecho ndiye anachikomba mpaka mbale kuyendayenda pansi.

"Ndinadziwa," anatero Anasopo, mpango uli kumphuno. "Pa zonsezi wasankha chimbudzi." Mawa lake anakagula katoni yathunthu.

Foromani anayamba kuyendayenda, kenako kudzinyambita, ndipo tsiku limene anakweranso pampando n'kusiyapo ubweya, Anasopo anatsonya koma sanam'tsitse.

Telala anatuluka Loweruka. Mwana wake anabwera ndi galimoto yobwereka n'kumufikitsa kwa Anasopo, akuyenda ndi chitsulo chogwirira cha miyendo inayi. Anaona chipinda, penti watsopano, malo a makina, ndipo anati, "Koma achemwali, mwavutika." Kenako Foromani anatulukira kuchokera kukhitchini, akulira ndi mawu amene Anasopo anali asanawamvepo. Telala anakhala pabedi, mphaka n'kukwera pamiyendo.

Zala za telala sizifuna tepi yoyezera. Zinayenda pamsana, zinawerenga nthiti, zinatsikira ku mwendo wakutsogolo n'kuima pa chigamba chometedwa chija, pomwe ubweya unali utangoyamba kumera.

"Achemwali, ichi n'chiyani?"

Anasopo anali atakonza mabodza atatu, koma onse anathawa. Ananena zonse chiimirire pakhomo: bini, mpunga, anyezi, mkodzo wofiira, diripi, chala. Telala anamvetsera osawadula, dzanja likusisita mphaka. Mwana wake ndiye anafuna kulankhula, koma amayi ake anam'gwira mkono.

"Wachira," anatero telala pomaliza. "Madzi akatayika sawoleka. Mwamuvutikira, ndaona. Tiyeni tidye, njala yandipha, zakudya za m'chipatala zija zandikwana."

Anasopo mtima unakhala pansi. Zatha, anaganiza, wakhululuka. Anathamangira kukhitchini n'kuyala tebulo. M'mbale yawo ndi ya mwana uja munali mpunga ndi nkhuku yokazinga, yofiirira bwino, ya msuzi wa tomato. Pamalo pa telala anaikapo mbale ina, yovundikira: chidale chowiritsa choyera mbuu, karoti wosinja, kabichi wofewa.

Telala anavundukula. Anayang'ana mbale yake, anayang'ana za anzake. Analawa kamodzi n'kuika supuni pansi.

"Muno mulibe mchere."

"Pa msinkhu wako mchere ndi mdani. Ndiponso wakulitsa thupi, chitsulo anakuika m'chiunocho chingalemedwe. Ndakulembera kale ndondomeko ya mwezi wonse, ili pa chitseko cha firiji."

"Dokotala wanga anandiletsa mchere?"

"Madokotala a masiku ano amaiwala zambiri."

"Munandifunsa?"

Telala anayang'ana pepala la pafiriji lija, lojambulidwa mizere bwinobwino ndi rula, Lolemba mpaka Lamlungu. Kenako anatembenukira kwa mwana wake. "Zikwama zija usatsitse m'galimoto."

"Iwe, chifukwa cha mchere?" Mawu a Anasopo anatuluka opyapyala. "Mchere ulipo, nawu! Thira mmene ukufunira!"

"Lero ndithira. Mawa mudzaubisa, ndipo mudzakhala mukundifunira zabwino. Ndikukudziwani, achemwali, ndinabadwa n'kukupezani."

"Nanga mphaka wako? Kumeneko salola ziweto."

"Atsala ndi inu."

"Ukumusiyira munthu amene anatsala pang'ono kumupha?"

Mwana uja ananyamula Foromani n'kumuika pamiyendo pa amayi ake. Telala anam'kumbatira, anabisa nkhope mu ubweya wake, ndipo analira mosabisa, mapewa akugwedezeka. Zaka zisanu ndi zinayi anagona naye kumapazi. Atadzutsa mutu anati, "Iyeyu mwayamba kumumvera chifukwa anakafika pakhomo pa manda. Ine ndilibe mphamvu zokafika kumeneko kuti mundimve."

Galimoto inanyamuka dzuwa likadali pamwamba. Anasopo anaima pakhonde mpaka inakhota, kenako analowa kukachotsa mbale, poti mbale sizidikira chisoni cha munthu. Yovundikira ija inali pomwepo, chakudya chitazizira. Mbale zotere anatumiza zosawerengeka m'mawodi, ankaziyeza pa sikelo, ankazinunkhiza, koma anali asanakhalepo pansi kuti adye imodzi. Anakoka mpando umene anakhalira telala, anatapa supuni yodzaza, n'kuika m'kamwa.

Zinali zii, zoterera, ngati nsanza yonyowa. Anatafuna, anayesa kumeza, pakhosi panakana. Manyazi ndi nseru zinakwera pamodzi, ndipo anadzinyansa okha kuposa mmene chinawanyansira chitini chilichonse. Analavulira m'dzanja n'kukhala choncho, dzanja lili chifumbatire. Foromani anabwera n'kudzikhula pa mwendo wawo akulira, chifukwa nthawi yake inali itakwana. Anasopo anadzuka kukatsegula chitini.